Mphamvu za kaloba

Dzino loyamba linathyokera m'chimanga chowotcha. Ndinali nditaima m'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo, pamene ife owotcherera zitsulo a ku Garden timayala mageti ndi mafelemu a mawindo kuti odutsa pagalimoto aziona, ndipo ndinangomva kuti gwede m'kamwa. Nditalavulira m'manja ndinapeza kachidutswa kakuda, kofumbutuka ngati njere imene anankafumbwe aichita kale zawo. Ndinali ndi zaka 33. Ndinakaponya m'ngalande n'kupitiriza kutafunira tsaya linalo, osadabwa, osaopa. Lero ndikakumbukira, chimene chimandiwawa si dzinolo ayi, koma kuti sindinadabwe.

Ndinasuta methamphetamine kwa miyezi 9. Kuno ku Lusaka amene ndinkasuta nawo ankangoti crystal. Ku Cape Town amati tik, ku Harare amati mutoriro, koma ndi chinthu chimodzi: timiyala toyera ngati mchere wa miyala kapena galasi loswekasweka. Anthu akamva za mankhwala amenewa amaganiza za anyamata ogona m'ngalande za m'tauni, kapena a ku Chibolya, kapena ana a mabwana osowa chochita ndi ndalama. Ine sindinali m'gulu lililonse la amenewo. Ndinali bambo wa ana awiri, wa ku Katete, wopita kutchalitchi, wosamwa ngakhale Chibuku. Ndinayamba chifukwa ndinkafuna kugwira ntchito, ndipo ndikudziwa kuti tilipo ambiri amene tinalowera khomo limenelo.

Amene munali ku Zambia mu 2024 mukukumbukira. Mvula inakana, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo kumapeto kwa February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atatsika ku Kariba, magetsi nawo anayamba kutithawa. Poyamba ankapita maola 8, kenako 12, ndipo pofika September tinkawaona maola atatu pa tsiku, tsiku lina osabwera n'komwe. Wowotcherera wopanda magetsi ndi mlimi wopanda khasu. Jenereta yoti n'kuyendetsa makina athu inali ya anthu olemera, mafuta ake osanena. Choncho tinasintha moyo: tinkagona kushopu, babu tili titayatsiratu, kuti akangobwera, kaya ndi 1 koloko kaya 3 koloko usiku, kuwalako kutidzutse. Babu ikati ng'anii, komboni yonse inkadzuka. Apa giraindala ikulira, apo wa saluni akuitana makasitomala pafoni, amayi akuthamangira kutchaja mafoni ndi kusita.

Masana sindinkagona chifukwa ndi nthawi yosaka zitsulo, kuyeza mawindo kwa makasitomala ndi kuyankha mafoni a anthu amene anandipatsa kale ndalama zoyambira. Ndinali ndi mageti anayi osamaliza. Mwininyumba ankafuna lendi yake. Tomato amene akazi anga ankaoda kumsika wa Soweto anakwera mtengo, phindu lake likungokwana ndiwo. Ndinamwa khofi, ndinamwa zakumwa zam'zitini zija amati zopatsa mphamvu mpaka manja kunjenjemera, koma tulo ndi tulo. Usiku wina ndinasinza chitsulo chamoto chili m'manja.

Panali mnzanga wina wopenta mageti amene sankaoneka wotopa. Usiku wonse ali tcheru, akuseka, akuimba. Ataona chilonda chapadzanja langa anati, "Mudala, mukuzivuta chabe. Kuli ka mankhwala ka ntchito." Sanati mankhwala osokoneza bongo. Anati ka ntchito. Koyamba sanandilipiritse.

Ndikananama ndikanati sizinandikomere. Usiku umenewo tulo tinachoka ngati munthu wavula jekete. Maso ankaona msoko uliwonse wa chitsulo, dzanja silinkagwedera, njala kunalibe, msana umene unkandivuta zaka zonse unangoti zii. M'maola atatu ndinamaliza geti ndi mafelemu awiri. Magetsi atapita ndinayatsa tochi n'kuyamba kusesa shopu, kusanja ma rodi, kupukuta zida. Kunja kunacha ndikadali wamphamvu, ndipo ndinapita kukapereka geti lija ndekha. Madzulo ndinafika kunyumba ndi thumba la ufa ndi nkhuku. Akazi anga anawomba m'manja, nati, "Abambo, Mulungu watikumbukira." Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amene munabwerekapo ndalama za kaloba, ngongole ija ya chiwongoladzanja chachikulu, mukudziwa mmene tsiku loyamba limakomera. Ndalama zili m'thumba, mavuto onse aoneka ngati atha, ndipo wobwereketsayo akukusekerera. Crystal siinandipatse mphamvu ngakhale pang'ono. Inatenga mphamvu zanga zomwe, za mawa ndi za mkuja, n'kundipatsa lero, kenako n'kubwera kudzatolera ndi chiwongoladzanja. Izi ndinadzazimvetsa pambuyo pake, dokotala wa ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, atandijambulira papepala. Anati mu ubongo muli timadzi totchedwa dopamine, timene timatuluka pang'onopang'ono munthu akadya chakudya chokoma, akalandira malipiro, kapena mwana wake akamuthamangira pobwera kuntchito. Ndi timene timakuuza kuti ichi n'chabwino, uchitenso. Tikagwira ntchito yake timabwerera m'nkhokwe. Crystal imagumula nkhokweyo kuti zonse zikhuthuke nthawi imodzi, n'kutsekanso njira yobwererera. Ubongo ukaona phokoso lachuluka chonchi umayamba kugontha dala. Ndiye mlingo umene unakukwana sabata yatha lero sukukwana, ndipo zinthu wamba, nsima, mpira, kuseka kwa mwana, sizimvekanso kukoma konse.

Ananenanso kuti mankhwalawa sachoka msanga m'thupi: pakatha maola pafupifupi 10, theka lake limakhala likadali m'magazi. N'chifukwa chake ndinkati ndikasuta 1 koloko usiku kuti ndigwire ntchito ya maola atatu, masana onse otsatira ndinkakhala maso ali gwa, ndipo usiku winawo, mphamvu zikayamba kutsika ndendende pamene babu yayaka, ndinkawonjezera. Masiku awiri osagona anakhala atatu, kenako anayi.

Ntchito yanga inandibisa bwino kwambiri, ndipo ichi ndikufuna akazi ndi amayi a anzanga achimve. Maso ofiira? Ndi moto wa weludingi. Zilonda m'mikono? Ndi nthethe za giraindala. Kusagona kunyumba? Ndi magetsi. Kuwonda? Ndi ntchito. Bodza lililonse linali ndi chipewa chake chokonzeratu. Akazi anga anakhulupirira kwa miyezi inayi, osati chifukwa ndi opusa, koma chifukwa zonse zinkamveka.

M'kamwa ndi mmene munayamba kuonekera. Malovu anauma. Lilime linkakhala ngati chikopa, milomo ikung'ambika, ndipo pofuna kunyowetsa kukhosi ndinkamwa zakumwa zashuga botolo ndi botolo, madzi osawafuna. Nsagwada zinkalumana zokha. Ndinkakukuta mano osadziwa, mpaka mnyamata wanga wa pashopu anandifunsa tsiku lina ngati ndikutafuna mwala. Mswachi ndinauiwala. Wa mano anadzandiuza kuti malovu ndi amene amatsuka asidi ndi kuteteza mano usana ndi usiku, ndiye ukawachotsa, n'kuthirapo shuga, n'kumakukutanso, mano amawola kuyambira m'mphepete mwa nkhama n'kumathyoka ngati choko. Panopa ndilibe mano anayi. Awiri anathyoka okha, awiri anachita kuzula.

Kenako khungu. Cha mu September ndinayamba kumva tinthu tikuyenda pansi pa khungu la m'mikono ndi kumaso, ngati nyerere zazing'ono. Ndinali wotsimikiza kuti ndi tizitsulo ta giraindala talowa m'thupi ndipo tikuyenda. Ndinkakhala pansi ndi tochi ndi singano, ola lathunthu, kutokosa. Munalibe kanthu. Ndi mitsempha chabe imene inkanama, koma zilonda zimene ndinadzipanga zinali zenizeni, ndipo sizinkapola chifukwa mankhwalawa amafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu, komanso thupi losadya ndi losagona lilibe chopoletsera. Zipsera zake ndili nazo, anthu amayesa ndi nthomba ya ubwana.

Chakudya ndinkachiona ngati dothi. Akazi anga ankanditumizira nsima ndi kapenta kushopu, ine n'kupatsa anyamata. Ndinatsika kuchoka pa makilogalamu 74 kufika pa 58. Thalauza ndinkamanga ndi waya. Mukudziwa mmene anthu a m'komboni amayankhulira munthu akawonda chonchi: amayamba kunong'ona za matenda aja, ena kumawayang'ana akazi anga mwachisoni pampopi. Pano ndiyenera kunena chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa mano. Crystal imautsa chilakolako n'kuchotsa mantha ndi nzeru nthawi imodzi. Ndinachita zinthu zimene sindikanachita ndili bwinobwino, mosadziteteza. Nditasiya ndinakayezetsa HIV, ndinayezetsanso patapita miyezi itatu monga anandilangizira, ndipo ndinapezeka ndilibe. Umenewo ndi mwayi, si nzeru zanga. Kuwauza akazi anga chifukwa chimene tinkayenera kukayezetsa tonse awiri kunali kovuta kuposa tsiku lililonse la kuchipatala.

October wa ku Lusaka mumamudziwa kutentha kwake. Onjezanipo ovolosi, moto wa weludingi, ndi mankhwala amene pawokha amatenthetsa thupi ndi kuthamangitsa mtima. Thukuta linkachita kuyenderera, fungo lake lachilendo, lowawasa. Mtima unkagunda mpaka ndinkaumva m'makutu ndi m'mano. Tsiku lina mkodzo unatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinangoti ndi kusamwa madzi. Dokotala nditadzamuuza anagwedeza mutu, nati nthawi zina zimenezo zimatanthauza kuti minofu ikuphwanyika chifukwa cha kutentha ndi kugwira ntchito mopyola, ndipo zinyalala zake zimatha kutseka impso. Ndinadutsa pakamwa pa ng'ona osadziwa.

Nanga ntchito imene ndinayambira zonsezi? Apa ndiye pali nthabwala yowawa. Mwezi woyamba ndi wachiwiri ndinkamalizadi zinthu. Pofika mwezi wachinayi ndinkakhala wotanganidwa usiku wonse koma osamaliza kanthu. Ndinkatha kupala msoko umodzi maola awiri mpaka chitsulo kubooka. Ndinkayeza windo kasanu n'kudulabe molakwika. Ndinayamba kumasula zinthu: wailesi, tochi, foni yakale, loko wa pakhomo, zonse ndinkazimasula kuti ndione m'kati, n'kulephera kubwezera. Ndalama zoyambira ntchito za makasitomala zinkathera kwa mnzanga wopenta uja, amene tsopano sankaseka nane, ankangotambasula dzanja. Anyamata anga awiri anachoka. Mayi wina wa ku Chelstone amene anandipatsa K4,000 ya geti anabwera katatu, kachitatu analira.

Mutu unayamba kusokonekera pang'onopang'ono, moti sindingathe kuloza tsiku. Poyamba ndinkangoona ngati anthu a pa minibasi akundiyang'ana. Kenako galimoto iliyonse yoyera yoima pafupi ndi shopu inali ya DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Kenako ndinatsimikiza kuti wowotcherera mnzanga woyandikana naye, munthu amene tinkabwerekana zida zaka zisanu ndi chimodzi, wandiikira kamera m'makina. Ndinamasula makina anga owotcherera, chuma chokhacho chimene ndinali nacho, kufunafuna kamerayo mpaka kuwaononga. Usiku ndinkamva anthu akunong'ona padenga, akutchula dzina langa ndi la mwana wanga wamkazi. Mawuwo sanali ngati maloto ayi. Ankamveka ngati mmene mukumvera galu akauwa panja.

Mu January 2025 ndinakhala masiku 6 osagona. Usiku wachisanu ndi chimodzi ndinapita kunyumba, ndinatseka chitseko ndi mpando, ndinazimitsa kandulo, n'kuima pakhomo ndi chitsulo m'manja kudikira anthu a padengawo. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 7, anadzuka kuti akataye madzi. Ndinatembenuka chitsulo chili m'mwamba. Sindinamumenye. Koma nkhope yake ija ndimaiona mpaka lero. Kutacha akazi anga anatenga ana kupita kwa akulu awo ku Chawama, ndipo ali kumeneko anaimbira foni atsibweni anga ku Katete.

Atsibweni anakwera basi tsiku lomwelo. Amayi kumudzi anali atagamula kale mlandu: mwana wawo walodzedwa ndi anzake a pantchito chifukwa cha nsanje. Ine ndinavomereza ndi mtima wonse, poti zinkagwirizana ndi za kamera zija, komanso zinkandichotsera mlandu. Ananditengera ku mapemphero a usiku wonse. Sindikunyoza pemphero, mpaka lero ndimapemphera ndipo anthu aja ankandifunira zabwino. Koma taganizani munthu amene sanagone sabata yathunthu, amene akumva mawu padenga, mwamuika pakati pa anthu makumi atatu akufuula, zokuzira mawu zili pamwamba, manja ambirimbiri ali pamutu pake. Ndinaona ngati andigwira kuti andiphe. Ndinathawa kudumpha mpanda. Ngati muli ndi m'bale amene wafika pamenepa, musamuzungulire, musamukalipire, musalimbane naye kuti padenga palibe munthu, ndipo musamumange ndi zingwe. Mmodzi yekha amene amamukhulupirira ayankhule naye motsitsa mawu, pamalo opanda phokoso, ana ndi zitsulo zili kutali, ndipo mupite naye kuchipatala.

Ine chimene chinandipititsa kuchipatala ndi chifuwa. M'mawa mwake ndinamva ngati munthu wandikhalira pamtima, kupweteka kukutsikira kudzanja lamanzere, mpweya ukuperewera. Atsibweni anachita hayala takisi mpaka kuchipatala chachikulu cha UTH. Namwino atandiyeza BP anayezanso kachiwiri, n'kuitana dokotala. Anandifunsa ngati ndamwa kapena kusuta chilichonse. Ndinati ayi, mwina ndi malungo. Dokotalayo, mtsikana wamng'ono kwa ine, anayang'ana m'kamwa mwanga, anayang'ana mikono, n'kunena motsitsa kuti atsibweni asamve: "Bambo, ine si wapolisi. Koma mankhwala amene ndingakupatseni akudalira zimene mundiuze. Mukandinamiza ndikhoza kukupwetekani." Ndinamuuza. Kanali koyamba kutchula mawu akuti crystal kwa munthu amene sasuta.

Musadzanamize dokotala pa nkhani imeneyi. Ndipo pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira kuti kuche: kupweteka kwa pachifuwa, thupi kutentha kwambiri munthu n'kumabwebweta, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, mutu kupweteka mwadzidzidzi kuposa kale lonse, kukamwa kupotoka kapena mbali imodzi ya thupi kufooka. Crystal imakweza BP moti imatha kuphulitsa mtsempha wa mu ubongo, ndipo sitiroko yake siyang'ana kuti munthu ali ndi zaka 25. Ine atandijambula mtima anapeza kuti wafooka, sukupopa magazi mmene uyenera kupopera pa msinkhu wanga. Anandiuza kuti ukhoza kubwererako ndithu ngati nditasiyiratu, koma ndikapitiriza ndiye kuti ndikudzikumbira ndekha.

Atsibweni atamva zoona zake anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Mphwanga, ndiye mfiti yake ndiwe wemwe." Sanapitirize. Anavula jekete lawo n'kundifunditsa.

Atanena kuti anditumiza ku Chainama ndinakana. Aliyense wokulira mu Lusaka amadziwa kuti dzina limenelo ndi chitonzo. Ana akamanyozana amati ndiwe wa ku Chainama. Koma ndi chipatala basi, chili pa Great East Road pomwe timadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo muli anthu amene anaona kale zambiri zonga zanga moti palibe chimene ndinanena chimene chinawadzidzimutsa. Anandipatsa mankhwala oletsa mawu aja ndi ondigonetsa. Ndinagona pafupifupi masiku awiri, kudzuka kokha kukadya. Njala imene inabwera inali ya chilombo, mbale ziwiri za nsima osakhuta. Mawu a padenga anayamba kuchepa, ndipo pakutha pa sabata ziwiri anatheratu. Kwa ena amatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndipo amatha kubwerera munthu akangosutanso.

Ndinkayembekeza kuti andipatsa jakisoni kapena mapilitsi ochotsa chilakolako. Anandiuza mosabisa kuti mankhwala otero a crystal kulibe. Chimene chilipo ndi uphungu, kusintha mmene ukukhalira, anthu okugwira dzanja, ndi nthawi. Ndinakhumudwa kwambiri. Ndinkafuna kuti wina andikonze ngati mmene ndimakonzera geti.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera zonsezi, chifukwa za mano ndi zilonda mukhoza kuziona ndi maso pa anthu ena. Masiku ovuta kwambiri si oyambirira ayi. Oyambirira umangogona ndi kudya, abale ali pafupi, aliyense akukulimbikitsa. Ovuta ndi a mwezi wachiwiri, wachitatu, wachinayi, pamene thupi layamba kubwerera, anthu akuti wachira, atsibweni abwerera ku Katete, koma m'kati mwako mulibe kanthu. Sindinkamva chisoni chenicheni. Ndinkangomva kuti dziko lonse lasukuluka ngati ndiwo zopanda mchere. Ana anabwerera kunyumba, mwana wanga wamkazi anandikumbatira, ndipo ndinangoima ngati mtengo, ndikudziwa kuti ndiyenera kusangalala koma osamva kalikonse. Ndinkaiwala zinthu. Muyeso wa windo ndinkaulemba padzanja chifukwa pofika pa chitsulo unali utathawa. Usiku ndinkalota ndikusuta n'kudzuka mtima ukugunda. Maganizo oti bola kungofa anandifikira kangapo, ndipo tsiku lina ndinawauza akazi anga, iwo n'kundiperekeza kwa phungu tsiku lomwelo. Mukafika pamenepo uzani munthu, musagone nazo.

Phunguyo ndi amene anandiuza kuti kusukuluka kumeneku ndi ngongole ija ikubwezedwa. Nkhokwe inagumulidwa, makutu a ubongo anagontha, ndipo zimatenga miyezi yambiri, kwa ena chaka kapena kuposerapo, kuti ziyambe kubwerera. Anthu ambiri amagwa nthawi imeneyi chifukwa amaganiza kuti moyo wopanda crystal ndi umenewu mpaka kalekale. Akanapanda kundiuza, inenso ndikanaganiza choncho.

Ndinagwabe kamodzi. Munali mu April. Ndinali nditagona kunyumba, ndipo wina anaiwala kuzimitsa switchi. Cha m'ma 2 koloko magetsi anabwera, babu inati ng'anii, ndipo thupi langa lonse linadzuka lisanandifunse: mtima kugunda, m'kamwa kuuma, manja kuyabwa. Ndinapezeka ndavala nsapato. Nambala ya wopenta uja ndinali nditaifufuta m'foni koma m'mutu inalimo. Ndinasowa masiku awiri. Pobwera ndinkayembekeza kupeza katundu wanga ali panja. Akazi anga anangoti, "Abambo, mawa tikupita limodzi kwa aphungu, mukanene nokha." Phunguyo sanandikalipire. Anandifunsa mwatsatanetsatane chimene chinachitika mphindi khumi ndisanavale nsapato, ndipo titafika pa babu anati, "Ndi imeneyo." Miyezi 9 ndinali nditauphunzitsa ubongo kuti kuwala kwa usiku ndi crystal ndi chinthu chimodzi. Aliyense ali ndi babu yake: kwa wina ndi tsiku la malipiro, kwa wina ndi nyimbo, kwa wina ndi kona ina ya msewu. Anandiphunzitsanso kuti chilakolako chimakwera n'kutsika chokha ngati sunachidyetse, ndiye ntchito yanga ndi kungopirira mpaka chitsike, ndikudzutsa akazi anga, kumwa madzi, kuyankhula.

Zimene tinasintha ndi zazing'ono, zosachititsa kaso. Shopu ya ku Garden ndinaisiya, chifukwa sindikanatha kuchira ndikuonana ndi wopenta uja tsiku ndi tsiku. Ndinasintha nambala ya foni. Ndinalowa ganyu kwa mdala wina wowotcherera ku Kalingalinga, ine amene ndinali ndi anyamata anga, ndipo ndinamuuza zoona tsiku loyamba, kuti usiku sindigwira ntchito ngakhale magetsi atabwera. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndibwere Lolemba. Malipiro anga amapita pafoni ya akazi anga, ine ndimayenda ndi ya basi ndi ya chakudya basi. Anzanga ena amaseka kuti ndadyetsedwa khuzumule. Asekeni, mano otsalawa ndi anga. DEC imene ndinkaiona m'galimoto iliyonse yoyera ndinadzamva kuti ilinso ndi nthambi yopereka uphungu kwa amene akufuna kusiya, ngakhale ine ndinapitiriza kumene ndinayambira.

Tsiku lina ndikudikira pamzere kuchipatala ndinawerenga mbiri ya mankhwalawa pafoni, ndipo ndinaseka ndekha mpaka oyandikana nawo kundiyang'ana. Anapangidwa koyamba ku Japan mu 1893 ndi katswiri wina dzina lake Nagai Nagayoshi, ndipo mu 1919 Akira Ogata ndi amene anawasandutsa timiyala. Ku Germany anayamba kuwagulitsa mu 1938 ngati mapilitsi otchedwa Pervitin, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankawapatsa asilikali kuti aziyenda usana ndi usiku osagona. Ku Japan ankapatsanso ogwira ntchito m'mafakitale. Ndiye kuti "ka mankhwala ka ntchito" si nzeru ya mnzanga wopenta ayi, ndi bodza lachikulire kuposa agogo anga, ndipo linanamizapo maboma athunthu lisanafike pa Katima Mulilo.

Kukoma kunabwerera mosalengeza. Linali Loweruka lina mu October, miyezi isanu ndi umodzi chigwereni. Akazi anga anaphika nkhwani wotendera, ndipo nditaika m'kamwa ndinamva nsinjiro. Ndinasiya kudya n'kungokhala. Iwo anafunsa ngati dzino layambanso. Ndinati ayi, ndiwozi zakoma. Anandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero china.

Sikuti zonse zinabwerera. Ndimamwa mapilitsi a BP ndi a mtima m'mawa uliwonse, ndipo ndikanyamula chitsulo cholemera ndimapuma kaye. Kuiwala kwachepa koma ndimayendabe ndi kabuku. Mwana wanga wamwamuna akafuna kutuluka usiku amadzutsa amayi ake, osati ine, ndipo sindimukakamiza. Wowotcherera mnzanga amene ndinamunamizira za kamera ndinapita kukamupepesa ndi atsibweni; anandilandira, koma zida sabwerekanso kwa ine. Tisanagone ndimayendera switchi iliyonse m'nyumba.

Geti la mayi wa ku Chelstone ndinalimaliza mwezi watha, ndi zitsulo zogula pang'onopang'ono pa malipiro anga, mdala wa ku Kalingalinga atandilola kugwiritsa ntchito makina ake Loweruka masana. Titalimangirira mayiyo analitsegula ndi kulitseka kangapo osayankhula. Kenako anati hinjesi yam'munsi ikulira, ndipo mtundu wa penti si umene anasankha chaka chathachi. Ndinayang'ana m'kabuku, ndipo ankanena zoona. Ndikupitanso Loweruka likubwerali ndi girisi ndi chitini cha penti wobiriwira.